Amayi pa Gome ndi m'Bwalo la Mpingo: Mafunso ndi Mayankho kwa Akhristu a ku Mulanje ndi Thyolo

Mafunso ali m'munsiwa amabwera mobwerezabwereza pa maphunziro a amayi ndi a achinyamata m'mipingo ya kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ena amafunsidwa pagulu, ena munthu amachita kukukokera pambali msonkhano utatha. Ine ndine wa CCAP, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu amaitana amayi kuti aphunzitse ndi kutsogolera. Ndanena poyamba kuti mudziwe mbali imene ndaima. Koma pofotokoza za mipingo ina ndalemba zimene mipingoyo imaphunzitsa, osati zimene ine ndikadakonda.

Kodi Baibulo limalola mayi kuphunzitsa Mawu a Mulungu?

Eya, ndipo zitsanzo zake si zochita kufunafuna. Debora anali mneneri komanso woweruza Israele, anthu ankapita kwa iye ndi milandu yawo (Oweruza 4:4-5). Buku la chilamulo litapezeka m'Kachisi m'masiku a mfumu Yosiya, mkulu wa ansembe Hilikiya ndi nduna za mfumu anapita kukafunsa kwa mneneri wamkazi Hulida, ndipo mfumu inamvera zimene ananena (2 Mafumu 22:14-20).

M'Chipangano Chatsopano, Priskila ndi mwamuna wake Akula anatenga Apolo, mlaliki wodziwa kale malembo, n'kumufotokozera bwino njira ya Mulungu (Machitidwe 18:26). Filipo anali ndi ana aakazi anayi amene ankanenera (Machitidwe 21:9). Timoteo chikhulupiriro anachiyamwira kwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike (2 Timoteo 1:5). Ndipo munthu woyamba kutumidwa ndi Yesu ndi uthenga wa kuuka kwake anali Mariya wa Magadala. Anamutuma kwa ophunzira aamuna (Yohane 20:17-18).

Nanga Paulo sananene kuti akazi akhale chete mu mpingo?

Ananena, pa 1 Akorinto 14:34-35, ndipo sitiyenera kulumpha vesiyi ngati kuti mulibe. Koma tiiwerenge pamodzi ndi kalata yonse. M'kalata yomweyo, pa 11:5, Paulo akulangiza za mmene mkazi azionekera pamene akupemphera kapena kunenera. Sangalangize za kavalidwe ka mkazi wonenera ngati kunenerako n'koletsedwa.

Mutu 14 wonse ukukamba za chisokonezo m'mapemphero a ku Korinto. Anthu ankalankhula nthawi imodzi, wina malilime, wina uneneri, wina mafunso. Paulo akuuza magulu atatu kuti akhale chete: wolankhula malilime ngati palibe womasulira (vesi 28), mneneri ngati mnzake walandira vumbulutso (vesi 30), ndi akazi amene anali ndi zofunsa, amene akuwauza kuti akafunse amuna awo kunyumba (vesi 35). Amaliza ndi kunena kuti zonse zichitike moyenera ndi mwadongosolo. Ine ndimamva kuti chimene akuletsa ndi kusokoneza mapemphero.

Tionenso kuti palibe mpingo kuno umene umatsata "kukhala chete" mpaka kumapeto. Ngakhale mipingo yokana kotheratu mlaliki wamkazi, amayi amaimba, amayambitsa nyimbo, amavomereza "Ameni", amaphunzitsa ana. Aliyense anavomera kale kuti vesiyi ili ndi malire. Timasiyana poti malirewo ali pati.

Nanga 1 Timoteo 2:11-12, pamene akuti salola mkazi kuphunzitsa kapena kulamulira mwamuna?

Apa ndiye povuta kwenikweni, ndipo Akhristu oopa Mulungu amasiyana maganizo. Amene amakana ubusa wa amayi amati Paulo sakukamba za mpingo umodzi wokha, chifukwa pa vesi 13 akubwerera kwa Adamu ndi Hava. Amawonjezera 1 Timoteo 3:2, poti woyang'anira mpingo akhale mwamuna wa mkazi mmodzi. Mfundo zimenezi si zachibwana, ndipo munthu wozikhulupirira si kuti amadana ndi amayi ayi.

Amene timavomereza timayang'ana chifukwa chimene kalatayi inalembedwera. Paulo anasiya Timoteo ku Efeso kuti aletse anthu ophunzitsa zachilendo (1:3), ndipo pa 5:13-15 zikuoneka kuti amayi ena anali atasochera kale n'kumayenda m'makomo kulankhula zosayenera. Lamulo loyamba m'ndimeyi ndi lakuti mkazi aphunzire. Wosaphunzira asaphunzitse, ndipo zimenezi n'zoona kwa mwamuna yemwe. Kuwonjezera apo, Priskila uja anaphunzitsa Apolo ku Efeso komweko, ndipo Paulo amamutchula kuti wantchito mnzake (Aroma 16:3). Mu Aroma 16 yemweyo akuyamikira Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, ndi amayi ena angapo amene anagwiritsa ntchito mwa Ambuye. Vesi imodzi yovuta siingafafanize zonsezi, kapena kufafaniza lonjezo la tsiku la Pentekoste lakuti ana aamuna ndi aakazi adzanenera (Machitidwe 2:17-18).

Bwanji Yesu anasankha amuna okhaokha kukhala atumwi khumi ndi awiri?

Khumi ndi awiriwo ankaimira mafuko khumi ndi awiri a Israele. Onse analinso Ayuda, koma palibe amene amati Mlomwe kapena Mmang'anja asakhale mbusa chifukwa Yesu sanasankhe wa mtundu wina. Luka 8:1-3 akutchula amayi amene ankayenda naye limodzi ndi kuthandiza ntchitoyo ndi chuma chawo. Dziwani komabe kuti kwa Akatolika mfundo ya atumwiyi ndi yaikulu kwambiri. Onani funso la mpingo wa Katolika.

Kodi CCAP Sinodi ya Blantyre imati chiyani?

Sinodi ya Blantyre, imene mipingo ya CCAP ya ku Mulanje ndi Thyolo ili pansi pake, imalola amayi pa maudindo onse: utumiki, ukulu wa mpingo, ulembi wa mpingo, ubusa. Mbusa wamkazi amabatiza, amadyetsa Mgonero, amadalitsa ukwati, amatsogolera bwalo la akulu a mpingo ngati mbusa wina aliyense.

Izi sizinangobwera zokha. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo zaka zoposa zana zinadutsa popanda mbusa wamkazi. Mu 1995 amayi ogwira ntchito mu Sinodi anakumana ku Chigodi, n'kuyenda ulendo wa pansi kukapereka chikalata cha madandaulo kwa akuluakulu a Sinodi. Anadandaula za kusiyana kwa kasamalidwe ka antchito aamuna ndi aakazi, za nkhanza kwa amayi, ndi za kutsekeredwa kunja kwa ubusa ndi utsogoleri. Ena mwa iwo anaimitsidwa ntchito. Patapita zaka zochepa, kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, Sinodi inayamba kudzoza amayi, ndipo Abusa Edna Navaya ndiwo anatsegula njira. Pambuyo pake Abusa Mercy Chilapula anakhala mayi woyamba kusankhidwa kukhala Moderator wa Sinodi.

Ndimafuna atsikana athu azidziwa mbiri imeneyi. Akaona mayi atavala kolala, adziwe kuti panali amayi ena amene anaika ntchito zawo pachiswe. Adziwenso kuti masinodi a CCAP sanayende liwiro limodzi. Sinodi ya Livingstonia inayamba kudzoza amayi nyengo yomweyo, pamene Sinodi ya Nkhoma inakhala nthawi yaitali osalola mayi ngakhale kukhala mkulu wa mpingo.

Nanga mpingo wa Katolika?

Sudzoza amayi unsembe. Mu 1994 Papa John Paul II analemba kuti Mpingo ulibe mphamvu yopereka unsembe kwa amayi, potsata chitsanzo cha Yesu posankha atumwi, ndipo chiphunzitsochi sichinasinthe.

Koma kunja kwa unsembe malo ndi ambiri. Mu 2021 Papa Francis anasintha lamulo kuti amayi azikhazikitsidwa mwalamulo pa utumiki wowerenga Mawu ndi wotumikira pa guwa, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa utumiki wa akatekisti wa amuna ndi amayi omwe. Mu 2025 anasankha Sisiteri Simona Brambilla kutsogolera imodzi mwa nthambi zazikulu za ku Vatican. Kwathu kuno, kumene wansembe mmodzi amayendera matchalitchi ambiri ndipo sangafike paliponse Lamulungu lililonse, moyo wa mpingo uli m'miphakati. Mukapita pa msonkhano wa mphakati muone amene akutsogolera kugawana Mawu, amene akuphunzitsa ana katekisimu, amene akuyendera odwala. Kawirikawiri ndi amayi. Masisiteri nawo akhala akuyendetsa masukulu ndi zipatala kwa zaka zambiri.

Ife ndife a Seventh-day Adventist. Mayi angakhale mbusa?

Angalalikire, angaphunzitse Sukulu ya Sabata, angachititse misonkhano yokopa anthu, ndipo malamulo a mpingo wa dziko lonse amalola kuti akhale mkulu wa mpingo kumene dera lavomereza. Chimene sichinaloledwe ndi kudzozedwa ubusa. Nkhaniyi inakanidwa pa msonkhano waukulu wa mu 1990, inakanidwanso mu 1995 ku Utrecht, ndipo mu 2015 ku San Antonio nthumwi 1,381 zinakana pamene 977 zinavomera kuti chigawo chilichonse cha dziko chizidzisankhira chokha.

Abale a Adventist ali ndi chinthu chimene ena tilibe: mmodzi mwa oyambitsa mpingo wawo, Ellen G. White, anali mayi, ndipo zolemba zake zimawerengedwa pa gome mpaka lero. Ku Malamulo komwe, ku Makwasa, mishoni itayamba mu 1902, sukulu yoyamba ankaphunzitsa ndi Mabel Branch, mwana wamkazi wa mmishonale Thomas Branch. Choncho amayi a Dorika asadzione ngati gulu longophikira alendo pa misonkhano ya misasa.

Nanga mipingo ina?

Mipingo yambiri ya chipentekoste ili ndi abusa aakazi, ndipo ina anaiyambitsa ndi amayi. A Salvation Army akhala ndi alaliki aakazi chiyambire. A Mpingo wa Khristu ambiri salola mayi kulalikira kapena kutsogolera pemphero pamene pali amuna. Ngati mukukayika, funsani malamulo olembedwa a mpingo wanu, chifukwa nthawi zambiri chimene anthu amati "lamulo" chimakhala chizolowezi chabe cha pamalopo.

Kodi zimenezi si nkhani za jenda zochokera kwa azungu?

Funso ili limandikhudza, chifukwa kuno kwathu mbiri ikunena zosiyana. Ife ndife anthu a chikamwini. Mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi, munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ana amawerengedwa kuchikazi. Mafumu aakazi tili nawo m'midzi yambiri ya Mulanje ndi Thyolo, ndipo amuna amakhala pansi pabwalo lawo n'kumvera chigamulo. Anamkungwi anali aphunzitsi a mudzi sukulu isanabwere. Sindikunena kuti chikamwini chinapatsa mayi mphamvu zonse, poti mwinimbumba amakhala malume. Koma mayi wolankhula pagulu ndi kuweruza mlandu si chinthu chachilendo kwa Mlomwe kapena Mmang'anja.

Chimene chinabwera ndi sitima ndi bwalo la mpingo la amuna okhaokha. Church of Scotland, imene inatuma amishonale a ku Blantyre ndi ku Mulanje Mission, inayamba kulola amayi kukhala akulu a mpingo mu 1966 ndi abusa mu 1968. Anatiphunzitsa zimene iwo ankachita nthawi imeneyo, kenako kwawo anasintha.

Ndipo amayi akuda akhala m'ntchitoyi kuyambira kale. Ku mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Chiradzulu, Emma DeLaney anafika mu 1902 kudzagwira ntchito ndi John Chilembwe. Mnyamata amene iye anamuphunzitsa, Daniel Malikebu, ndiye anadzatsegulanso mishoniyo mu 1926. Masiku ano amayi a mu Africa ophunzira zaumulungu ali ndi bungwe lawo la Circle of Concerned African Women Theologians, limene linayamba mu 1989 ku Accra motsogozedwa ndi Mercy Amba Oduyoye. Mmodzi mwa atsogoleri ake wakhala Mmalawi mnzathu, Pulofesa Isabel Apawo Phiri, amene anafika pokhala wachiwiri kwa mlembi wamkulu wa World Council of Churches.

Amayi ali kale ndi Mvano, Dorika ndi magulu ena. Sizikukwana?

Magulu amenewa ndi amtengo wapatali, ndipo sindingalole wina awapeputse. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu amaphunzira kutsegula Baibulo, kupemphera mokweza, kulalikira, kusunga buku la ndalama, zonsezi ku Mvano. Pa maliro, amene amagona m'nyumba ya siwa usiku wonse akuimba ndi kulalikirana mosinthana ndi amayi. Wodwala akagonekedwa kuchipatala, oyamba kufika ndi a bulauzi yoyera ndi duku loyera. Abambo ambiri a kuno amakhala ku esiteti, ku Blantyre, ku Mozambique kapena ku Joni, ndipo nyumba zambiri za mapemphero za kumudzi zikadatsekedwa pakadapanda amayi. Pa Paper Sunday, pa masika, pomanga nyumba ya abusa, aliyense amadziwa kumene kumachokera mphamvu.

Vuto lake ndi ili. Mayi amene walalikira usiku wonse pa siwa, kukacha mwambo wa maliro ukayamba amabwerera kukakhala pamphasa, ndipo wolalikira amafunidwa pakati pa abambo, ngakhale amene sanakonzeke. Amayi amasonkha ndalama, koma pogawa ndalamazo m'komiti mulibe mayi, kapena alimo mmodzi wolemba maminitsi. Wolima ndi wina, wotsegula nkhokwe ndi wina. Chopweteka koposa ndi milandu ya mpingo. Mtsikana akatenga mimba, amaima yekha pamaso pa bwalo la abambo kuyankha mafunso amene sangamasuke kuyankha, mwini mimbayo ali phee pa benchi. Mayi womenyedwa ndi mwamuna wake amauzidwa kuti apirire ndi anthu amene sanamvepo mbali ya amayi. M'bwalo mukakhala amayi okhwima angapo, milandu yotereyi imaweruzidwa mosiyana. N'chifukwa chake ndimati Mvano ndi sukulu yabwino ya utsogoleri, koma isakhale mpanda wotsekera amayi kuti asafike kumene zinthu zimagamulidwa.

Kodi mayi busa ndi mbusa wamkazi n'chimodzimodzi?

Ayi. Mayi busa ndi mkazi wa abusa. Nthawi zambiri amatsogolera amayi, ndipo ambiri amagwira ntchito yolemetsa popanda malipiro. Mbusa wamkazi ndi amene anaitanidwa yekha, anaphunzira, n'kudzozedwa. Timawatchula kuti Abusa. Mwamuna wawo sakhala ndi udindo mu mpingo chifukwa cha ukwatiwo, ndipo abusawo sayenera kusenzetsedwa ntchito ziwiri, yaubusa ndi ya mayi busa.

Kodi mayi amene ali kumwezi angalalikire kapena kugawa Mgonero?

Funsoli limabwera monong'ona, ndipo limasautsa amayi ambiri kuposa mmene abambo amaganizira. Ena amadziletsa okha Mgonero. Lamulo la pa Levitiko 15 lilipodi, koma mutu womwewo umanenanso za kudetsedwa kwa amuna, ndipo palibe amene amawafunsa abambo asanakwere pa gome. Mayi amene anadwala nthenda yotaya magazi zaka 12 atakhudza chovala cha Yesu, Yesu sanamudzudzule. Anamutcha mwana wake wamkazi n'kumuuza kuti apite ndi mtendere (Marko 5:25-34). Chodetsa munthu, anatero Yesu, ndi chotuluka mumtima (Marko 7:20-23). Miyambo ya kumudzi yokhudza kuthira mchere ndi nkhani ina, isasakanizidwe ndi Mgonero wa Ambuye. Mayi, bwerani ku gome la Ambuye.

Baibulo limati mwamuna ndi mutu wa mkazi. Mayi angatsogolere bwanji mpingo umene muli mwamuna wake?

Aefeso 5:22-25 akukamba za banja, za mkazi ndi mwamuna wake wa iye mwini. Sakunena kuti mwamuna aliyense ndi mutu wa mkazi aliyense. Ndimeyo imayamba ndi vesi 21, yoti tizimverana wina ndi mnzake, ndipo mwamuna akuuzidwa kukonda mpaka kudzipereka. Mutu wa mpingo ndi Khristu. Mphunzitsi wamkulu wamkazi kapena mfumu yaikazi sasiya kulemekeza mwamuna wake kunyumba, ndipo Debora uja anali pabanja.

Kwa amayi amene amuna anu akukana kuti mulandire udindo: musayambe ndi mkangano. Funsani chimene akuopa. Kawirikawiri si vesi ayi, koma misonkhano yotha usiku, maulendo ogona konko, ndi zonena za anthu. Zimenezi mpingo ungathe kukonza, ndipo abusa kapena ankhoswe angathandize kukambirana. Koma ngati kukanako kukubwera ndi kumenya kapena kuopseza, imeneyo ndi nkhanza, ndipo ikanenedwe kwa akulu odalirika ndi kupolisi.

Amayi ndiwo ochuluka m'tchalitchi. Bwanji pa chisankho amasankha abambo?

N'zoona, ndipo tisanamizire abambo okha. Ena anakula akumva kuti mayi woima kutsogolo ndi wodzikweza. Ena amaopa kuti mnzawo akalakwitsa, manyazi agwera amayi onse, pamene bambo akalakwitsa amati walakwa ndi uje. Nsanje iliponso. Palinso mayi amene amatchulidwa dzina n'kukana yekha, poti sadziwa kuwerenga bwino kapena ntchito zamuchulukira: kumunda, kumsika, ana, odwala.

Mankhwala ake ndi kukonzekeretsana chisankho chisanafike. Mayi apatsidwe mpata wolalikira ku mlaga, kenako ku nyumba ya mapemphero, kenako Lamulungu pa mpingo waukulu, osati pa sabata ya amayi yokha. Maphunziro a akulu a mpingo aikidwe pa nthawi imene mayi angathe kufika. Amene amavutika kuwerenga athandizidwe ndi sukulu ya kwacha. Ndipo tisasankhe munthu chifukwa choti ndi mayi basi. Zoyenereza za pa 1 Timoteo 3, kudziletsa, kusakonda ndalama, kudziwa kuphunzitsa, mbiri yabwino, zikhudze onse mofanana.

Mpingo wanga sulola mayi kulalikira. Ndichoke?

Sindingakuuzeni kuti chokani. Mpingo ndi banja, ndipo nkhani iyi si imene imapulumutsa munthu. Yambani mwaona ngati malo amene ndi otsegula kale akugwiritsidwa ntchito: kuphunzitsa ana ndi achinyamata, chilangizo, kuphunzitsa amayi anzanu monga pa Tito 2:3-5, komiti ya chuma, ya chitukuko, ya sukulu. M'mipingo yambiri malo amenewa salowamo amayi chifukwa cha chizolowezi, osati chiphunzitso. Funsani mafunso anu mwaulemu m'mabwalo oyenera. Ngati patapita nthawi chikumbumtima chanu chikukuuzani kuti maitanidwe anu sangakwaniritsidwe pamenepo, tsanzikani bwino, osanyoza amene anakulerani.

Mwana wanga wamkazi akuti akufuna ubusa. Ayambire pati?

Choyamba amalize sukulu ndi kukhoza bwino MSCE, chifukwa sukulu zaubusa zimafuna satifiketi. Akhale wokhazikika mu mpingo wake, wodziwika ku gulu la achinyamata, ku Sande sukulu kapena kukwaya, kuti anthu aone mphatso yake asanamve pempho lake. Kenako akalankhule ndi abusa. Mu CCAP dzina limadutsa ku bwalo la akulu a mpingo, kupita ku presibitale, kenako ku Sinodi, imene imayesa ofuna ubusa ndi kutumiza osankhidwa kukaphunzira, ambiri ku sukulu ya zaumulungu ya ku Zomba. Akamaliza amayamba watumikira moyesedwa asanadzozedwe. Mipingo ina ili ndi njira zake, ndipo abusa a pamalopo ndiwo angamulongosolere.

Inu makolo mumuuze zoona. Adzakumana ndi mipingo imene idzamulandira monyinyirika, ndi mafunso okhudza banja amene mnyamata safunsidwa. Mumupezere mbusa wamkazi kapena mayi wamkulu mu mpingo woti azimulangiza, ndipo aliyense amene angamuuze kuti dzina lake liyenda pokhapokha atamuchitira zakutizakuti, akanenedwe msanga. Ngati kwanu kuli ana aamuna ndi aakazi ndipo fizi ikuvuta, musayambe ndi kumusiyitsa iyeyo.